Joni tikungomuthamangira, tiyeni timuyendeko wapansi

A Mkonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzi yanuyi ndiyankhuleko ndi a Malawi anzanga amene tili kuno ku Johannesburg, komanso awo ali kumudzi akusonkhanitsa ya basi kuti atipeze. Nkhani za ku Joni zikamatuluka kwathuko zimakhala zomwezomwezo, maliro alowa pa Mwanza, anyamata agwidwa ali ku Lindela kosungira oyembekeza kubwezedwa kwawo, kwinakwake ayambanso kuthamangitsa obwera. Zonsezo nzoona sindikutsutsa ayi. Koma ine lero ndabwera ndi ina, ndipo ndikudziwa ena aseka kuti bamboyu wakhuta eti, nkhani yake ndi yoti tauni ya Joni tiziyiyendako wapansi, mwadala, popanda kumene tikuthamangira, nkumayang'ana nyumba zake zakale.

Ine ntchito yanga ndi ya zomanga, njerwa, pulasitala, matailosi, chilichonse chimene bwana wapeza sabata imeneyo, nde maso anga anazolowera kuyang'ana khoma. Chimene chimandiwawa nchakuti ambirife tauniyi timaidziwa ndi mapazi okha. Munthu watsika basi pa Park Station, m'bale wake wamulandira nkumuuza kuti foni bisa, usayang'ane munthu kumaso, usaime paliponse, ndiye kuyambira tsiku limenelo amadutsa m'tauni ngati nkhuku yoti yaona kabawi, mutu pansi, liwiro kuchoka pa renki ya Noord kukafika pa renki ya Bree. Mufunseni kuti tauni ukuidziwa bwanji, akuuzani Small Street kogula nsapato, kotumizira ndalama kumudzi, ofesi ya mabasi ndi ya matransipota, basi zathera pomwepo. Mwana wabadwira konkuno mpaka wayamba sukulu koma bambo ake sanakwezepo maso kupitirira chikwangwani cha shopu. Chonsecho nkhani yonse ya tauniyi ili mmwambamo, chifukwa pansipa anaphimba ndi zitseko za malata ndi zotsatsa malonda, koma kuyambira nsanjika yachiwiri kukwera munatsala mmene anasiyira omanga ake, nyumba zina mpaka chaka chimene anamanga chinasemedwa pa khoma pomwepo.

Wina afunsa kuti nanga ife zikutikhudza chani, nyumba za azungu m'dziko la eni. Apa nde pamene ndikufuna timvane bwinobwino. Chisanafike chaka cha 1886 kuno kunalibe tauni, anali mafamu a Mabunu, udzu wokhawokha, pamtunda pozizira mamita oposa 1,700, popanda mtsinje waukulu olo nyanja, malo oti munthu wanzeru zake sakanaganiza zomangapo mzinda. Blantyre wathu yemweyu ndi mkulu wake wa Joni, mishoni ya ku Blantyre inayamba 1876, Mandala House ndi ya 1882, nthawi imeneyo kuno kukudya ng'ombe. Chinabweretsa zonsezi ndi golide amene anapezeka pa famu ya Langlaagte mu 1886, ndipo golideyo sanadzikumbe yekha. Anakumba ndi amuna ochokera ku Mozambique, ku Lesotho, ku Eastern Cape, ku Botswana, ndi agogo athu a ku Nyasaland, ena olembedwa ndi Wenela, yomwe ija inasiya dzina pa depoti ya mabasi ku Blantyre, ena paselufu, wapansi miyezi yathunthu kudzera ku Rhodesia akugwira maganyu m'njira. Anthu akwathu ankafa kwambiri ndi chibayo m'migodimu moti mu 1913 boma la kuno linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumtunda kwathuko, nkudzatsegulanso m'ma 1930. Pofika kumayambiriro kwa ma 1970 a Malawi m'migodi ya kuno anali opitirira 100,000, tangoganizani, dziko lathu lonse nthawi imeneyo anthu osakwana ndi 6 miliyoni yomwe. Kenako mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nkupha a Malawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi atamaliza kontirakiti, Kamuzu anakwiya nkuletsa zolemba anthu, anadzatsegulanso mu 1977 Wenela itasanduka Theba, ya Theba nkudzatheratu mu 1988 pa mkangano wa zoyeza magazi za Edzi. Kamuzu yemweyo ali mnyamata anagwirapo ntchito pa mgodi ku Boksburg asanapite ku America mu 1925. Nde mukamati mbiri ya eni, eni akewo ndani? Ndi mudzi uti kwathu, kaya ku Mzimba, ku Nkhata Bay, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, umene ulibe gogo amene anabwerako ndi njinga, gumbagumba, jekete yachikopa ndi chifuwa chosamva mankhwala?

Nchifukwa chake munthu akati ndiperekezeni ndikaone tauni, ine ndimayamba naye ku Main Street ku Marshalltown, kumene kunali malikulu a makampani a migodi. Msewu umenewo anaukonza kuti anthu aziyendamo pansi momasuka, ndipo anaikamo zida zenizeni za ku mgodi, chinsanja chachitsulo chija chimakhala pamwamba pa shafuti, ngolo zonyamulira miyala, ndi chimakina chakalekale chosinjira miyala ya golide. Imani pansi pa chinsanjacho muyang'ane mawilo ake mmwamba, nde mukumbukire kuti agogo aja tinkawaseka akayamba Fanakalo, chiyankhulo cha ku migodi, atalawa kachasu, ankalowa mu kheji m'bandakucha nkutsitsidwa makilomita awiri mwina atatu pansi pa nthaka, kotentha koti munthu amagwira ntchito thukuta lili kamukamu. Chapafupi pomwepo pali 44 Main Street, imene inali likulu la Anglo American, chinyumba cha miyala yosema, zitseko zazitali, nyama zosemedwa m'makoma, panja nswala zachitsulo zili m'malere kudumpha. Monga mmisiri ndinene chilungamo, ntchito imeneyo ndi yaukhondo, mizere ya miyala yake mungaike levulo paliponse simupeza popindika, ndipo ndikaima pamenepo ndimasilira ndithu. Koma ndimasilira ndikudziwa kumene inachokera ndalama yake, ziwirizo zimakhala mumtima limodzi ndipo sindiona chifukwa chotayira chimodzi. Pa Hollard Street pali nyumba ya Chamber of Mines, bungwe la eni migodi limene Wenela inkalilembera anthu, kutanthauza kuti malipiro a agogo athu ankakambidwa mmenemo eni ake kulibe. Ndipo ku likulu la Standard Bank pa Simmonds Street, pokumba fawundeshoni m'ma 1980 anakumana ndi una wa mgodi wakale wa Ferreira, sanaukwirire, anausiya kuti anthu aziona. Mgodi weniweni pansi pa banki, palibenso chofotokozera apa.

Mukamayenda muona kuti mabuloko a m'tauni muno ndi ang'onoang'ono kwambiri, mwangoyenda pang'ono mwafika kale pa roboti ina. Sizinangochitika zimenezo, boma la Paul Kruger podula mapuloti linkafuna a pakona achuluke poti ndi amene ankapita modula, komanso ankayesa kuti golide akatha anthu abalalika nde panalibe zomavutika ndi misewu ikuluikulu. Za madilu a mapuloti izi sizinayambe ndi makhansala akwathu ayi. Diagonal Street yokha ndi imene imadula mopingasa chifukwa inatsata malire a kachigawo ka Randjeslaagte kamene tauni inayambirapo, ndipo mumsewu umenewo muli timashopu ta Amwenye takalekale ta nsanjika ziwiri, makonde achitsulo mmwamba, pansi akugulitsa mabulangete, mapoto ndi mankhwala azitsamba, pambali pake nkuima chinyumba chagalasi chokhachokha cha m'ma 1980 chimene anachimanga mofanizira dayamondi. Ine pa ziwirizo ndimasankha timashopu, chagalasicho chilibe pamene mmisiri anaonetsa dzanja lake.

Pa Rissik Street pali positi ofesi yakale ya 1897, ya njerwa zofiira, imene nthawi ina inali nyumba yaitali kuposa zonse m'tauni muno. A positi anatulukamo mu 1996, inakhala yopanda ntchito anthu akuzula mawaya ndi zitsulo, mu 2009 nkupsa. Koma kayang'aneni makoma ake. Njerwa zimenezo zadutsa m'moto, m'matalala a kuno, zaka zoposa 120, zili chiimire, pomwe ife masiku ano timamanga timanyumba todula kumpoto kwa tauniku toti chaka chisanathe khoma lang'aluka, bwana nkumati matani fila mupente mwini wake asanabwere. Moyang'anana nayo pali City Hall ya 1915, ya miyala ndi zipilala zonenepa, pano mumakumana aphungu a chigawo cha Gauteng. Mukakwera chaku Pritchard ndi Eloff muona wotchi ya pa Markham, nyumba ya 1897 yomwe, anthu amadutsa pansi pake akufunsana nthawi. Pa Joubert Street pali Anstey's ya 1937, nsanjika 20, imene imanka ichepa pokwera mmwamba mwamasitepe, makona ozungulira bwinobwino, pulasitala wake amene anapaka ndikanakonda nditamugwira chanza. Mmenemo munkakhala Cecil Williams, mzungu amene Mandela ankanamizira kuti ndi dalaivala wake tsiku limene anagwidwa mu 1962. Rand Club pa Loveday Street, ya 1904, kumene eni migodi ankamwera ndipo kwa zaka zambirimbiri munthu wakuda kapena mzimayi samaloledwa kukhala membala, ingoidutsani muione panja. Za Carlton Centre ya 1973, nsanjika 50, mamita 223, ndi Ponte yobooka pakati ija, sinditaya nthawi, zimenezo aliyense anajambulitsapo kale nkutumiza kumudzi kuti aone kuti wafika.

Malo amene ndikufuna Mmalawi aliyense wa kuno akapondeko ndi ena, ndipo ndi osaoneka nkomwe, kanyumba kapansi ka njerwa ndi malata ku Newtown, kufupi ndi Sci-Bono ndi Mary Fitzgerald Square. Amati Workers' Museum. Inali komboni imene khonsolo ya mzinda inamanga mu 1913 kuti muzigona amuna akuda ogwira ntchito za khonsoloyo, otaya zonyansa ndi a ku magetsi, amuna oposa 300, ndipo inagwira ntchito mpaka m'ma 1980, osati kalekale ayi, ambirife tinali titabadwa. Awa sanali a mgodi, koma makomboni a ku migodi anali a mtundu womwewu kungoti akuluakulu kuposa apa, nde mukalowa mwaona mmene agogo ankagonera. Mabedi ake ndi a konkire. Ndikutanthauza konkire yeniyeni, anathira mashelefu a simenti mondondozana khoma lonse, munthu apa munthu apa, kamzere kakang'ono kolekanitsa, pamwamba nkuikanso ena, ndiye muganize June wa ku Joni mmene amazizirira madzi kuchita kuuma m'mapaipi, munthu wagona pa simenti ndi bulangete limodzi. Mkazi saloledwa, mwana saloledwa, geti ndi limodzi kuti aziona wolowa ndi wotuluka, pali ndi kachipinda kotsekeramo amene walakwira malamulo a komboni. Kuseri kwake, mpanda umodzi womwewo, kuli timanyumba ta azungu ogwira ntchito pamalo omwewo, ta zipinda zake, khonde lake, banja lonse limodzi. Ine zimene zinandigwira kwambiri ndi zaumisiri zomwezo, chifukwa mashelefu amenewo wina anawajambula pa pulani, anayeza kuti munthu wakuda m'lifupi amakwana masentimita angati, wina nkusayina, wina nkupanga shatala nkuthira konkire mosamala bwinobwino. Sinali ngozi kapena kusowa ndalama, inali pulani, ndipo khonsolo yomweyo zaka zomwezo inkamanga City Hall ya zipilala ija.

Ndiye musatuluke mmenemo mukupukusa mutu kuti kale kunali nkhanza, bwererani kaye kumene mukugona inuyo usiku uno. Tonse tikudziwa mmene timakhalira ku Hillbrow, ku Yeoville, ku Jeppestown, ku Mayfair, ku Turffontein, chipinda chimodzi chodula ndi makatani kapena mabolodi, mabanja atatu, lendi ikupita kwa munthu amene ngakhale dzina lake lenileni simulidziwa. Mpake kuti kuchoka ku Newtown ndimafuna munthu akaonenso 80 Albert Street, olo kungoima tsidya lina la msewu. Ambirife dzina la Usindiso tinalimva pa 31 August 2023, usiku umene moto unapha anthu 76 m'nyumba imeneyo, pakati pawo a Malawi ambiri, mitembo ina yovuta ndi kuizindikira komwe, sabata imeneyo m'magulupu athu a WhatsApp munali zithunzi za anthu osowa zokhazokha. Chimene ambiri sadziwa nchakuti nyumbayo inamangidwa m'ma 1950 kuti ikhale ofesi ya mapasi, kumene munthu wakuda wofuna kukhala ndi kugwira ntchito mu Joni ankafola pamzere, kuvulidwa kuti adokotala amuyeze, kenako kudindiridwa chidindo choti akhale kapena achoke, poti wopanda chilolezo samayenera kupitirira maola 72 m'tauni. Tsankho litatha inasanduka malo osungirako amayi ozunzidwa ndi ana awo, kenako inagwa m'manja mwa olipiritsa lendi mwakuba, mkati anamangamo tizisakasa ta matabwa, mageti okhoma, mawaya a magetsi olumikiza mwachisawawa, moto utabuka anthu anasowa potulukira, ena kuchita kudumpha pa windo. Nyumba imodzi yomweyo, anthu a msinkhu wa agogo athu anafolapo kupempha chilolezo chogona m'tauni, adzukulu nkudzaferamo chifukwa chosowa pogona pena. Munthu amene wazolowera kuyang'ana nyumba, akamakafuna chipinda amayamba wafunsa kuti masitepe othawira moto ali kuti, geti la pansi amakhoma ndani ndipo kiyi amagona kuti, mawayawa achokera pati. Nde amene mukuti mbiri sidyedwa, iyi yokha ingakupulumutseni.

Pali munthu wina amene ndimafuna dzina lake lizimveka tikafika chakumadzulo kwa tauni ku Ferreirasdorp. Alendo onse amapita pa Chancellor House pa Fox Street, nyumba ya nsanjika zitatu mmene Nelson Mandela ndi Oliver Tambo anatsegula ofesi yawo ya maloya mu 1952, moyang'anana ndi khoti la majisitireti, pali chiboliboli chachitali cha Mandela akuponya zibakera, ndipo mbiri yonse anaimata m'mawindo moti mumawerenga muli panja osalipira kanthu. Nzabwino, pitani mukaone. Koma chapafupi pomwepo pa Market Street, imene pano akuti Albertina Sisulu, mpamene panali holo ndi likulu la ICU, bungwe la anthu apantchito limene linagwedeza dziko lino m'ma 1920 Mandela akadali mwana kumudzi kwawo. Mtsogoleri wake anali Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, analiyambitsa ku Cape Town mu 1919 ndi anthu ogwira ntchito pa doko nkudzasamutsira likulu kuno, ndipo pofika 1927 mamembala ake ankawerengedwa pafupifupi 100,000. Mnyasa ameneyo, wobwera ngati ife tomwe, kutsogolera Azulu, Axhosa ndi Asotho mpaka boma kusowa tulo. M'tauni muno a Johannesburg Heritage Foundation ndi a mzinda amakhoma tizikwangwani tozungulira tabuluu pa nyumba za mbiri, mukayamba kutiona simusiya, mayina a eni migodi muwapeza, a omenyera ufulu a konkuno muwapeza, koma la wakwathu muchita kusaka ndi nyali. Ine sindiwadandaula eni dziko pamenepa, aliyense amalira maliro a kwawo. Funso langa likupita kwa atsogoleri a mabungwe a a Malawi kuno ndi akuluakulu a ku ofesi ya kazembe wathu, kodi kulemba kalata imodzi yopempha kachikwangwani ka Kadalie, kapena ka amuna a Wenela, kumafuna ndalama zingati?

Kuchoka ku Newtown mumawoloka pa Nelson Mandela Bridge ya 2003, pansi pake njanji zoposa 40 ndi masitima ataimikidwa mizeremizere, ndipo chakumbali muona chigoba chachitsulo chili chokhachokha pamtunda, imeneyo ndi Park Station yoyambirira ya m'ma 1890 imene zitsulo zake zinachokera ku Holland. Mukadutsa Braamfontein, pamwamba pa Rissik Street pali chiboliboli cha amuna atatu a mgodi atagwira chibowolero, kenako mwafika pa Constitution Hill. Pamenepo pokha konzekerani kulipira pakhomo, koma ndalama yake siyopweteka mukaganiza zimene timamwaza pa wikendi. Inali ndende kuyambira nthawi ya Kruger m'ma 1890 mpaka 1983, Gandhi anatsekeredwamo, Mandela, Robert Sobukwe, ku mbali ya amayi Albertina Sisulu ndi Winnie Mandela, koma unyinji wa anthu a mu Number Four, mbali ya amuna akuda, sanali andale ayi, anali anthu wamba ogwidwa chifukwa cha pasi. Mmalawi wa kuno safunika kumumasulira kuti kugwidwa chifukwa cha pepala kumamveka bwanji m'mimba. Pamalo omwewo anamangapo khoti lalikulu loona za malamulo a dziko, linatsegulidwa mu 2004, ndipo njerwa za mbali ina ya ndende imene anagwetsa anazitsuka nkumangira makoma a khotilo, mumachita kuziona kuti izi nzakale. Khoti limeneli chaka chomwecho linagamula mlandu wa anthu ochokera ku Mozambique, kuti obwera amene ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale ayenera kulandira nawo ndalama za boma zothandizira okalamba ndi ana. Ambirife timadutsa kuseri kwake pa tekisi ya ku Hillbrow osadziwa kuti nyumba imeneyo inayankhulapo za anthu ngati ife. Chimodzimodzi Drill Hall ya 1904 pafupi ndi renki ya Noord, pamene mu December 1956 anasonkhanitsa anthu 156 pa mlandu woukira boma, timaigunda ndi zikwama tsiku ndi tsiku pothamangira tekisi.

Tsopano za chitetezo, poti ndikudziwa ndi pamene pagona mantha a aliyense. Sindinama kuti m'tauni muli bwino. Matsotsi alimo, amakukanyanga pakhosi masanasana anthu akuonerera, mbali zina ndi zinyalala ndi madzi a suweji, ndipo Bree Street, imene pano ndi Lilian Ngoyi, inachita kuphulika ndi gasi wa pansi mu July 2023 matekisi nkugubuduzika. Koma tauni yomweyo timaidutsa kale tsiku lililonse, nthawi yoipa, madzulo, tili tokha, malipiro ali m'sokosi, nde chovuta nchani kuidutsa Loweruka kapena Lamulungu mmawa tili anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, m'thumba muli ya tekisi ndi ya chipisi basi? Foni muzitulutsa pokhapo pali alonda, ku Main Street, pa Gandhi Square, ku Newtown, ku Constitution Hill, kwinako jambulani ndi maso. Pagulupo pakhale mmodzi wothyola Chizulu bwino, dzuwa likayamba kupendeka aliyense azipita kwawo, ndipo ku Hillbrow ndi ku Ponte musapite popanda munthu wokhala komweko. Za mapepala ndinene mosabisa, amene masiku anatha mu pasipoti adziyeze yekha, ine sindingamuuze kuti akaime pa Noord nkumayang'ana mmwamba, ameneyo ayambe ndi mbali zimene akuzidziwa. Alipo makampani oyendetsa alendo wapansi, ena amafotokoza bwino kwambiri, kungoti mitengo yake anaikira anthu a madola. Iliponso basi yofiira yopanda denga ija, koma pa basi nyumba imangodutsa, simungaone kuti apa anagamula njerwa, apa anatseka khomo limene linali la anthu akuda okha, apa chaka chinalembedwa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mabungwe tili nawo ambiri kuno, masosayiti a maliro, magulu a anthu a boma limodzi, CCAP, Katolika, mizikiti ya ku Mayfair ndi ku Fordsburg, matimu a mpira a Lamulungu. Tikamva kuti wina watisiya, ndalama yonyamulira thupi imasonkhedwa masiku ochepa, pamenepo nde timagwirizana modabwitsa ndipo ndimanyadira. Koma zoona tizingokumana pa mitembo ndi pa phwando la 6 July basi? Sosayiti imodzi itati mwezi uno tikatha msonkhano tikwera tonse kupita ku Newtown, sipafunika bajeti olo komiti yapadera. Makamaka ana athu obadwira kuno, amene kusukulu amauzidwa kuti bwererani kwanu, Chichewa chawo chothyokathyoka, kumudzi anangopitako ali akhanda, amenewo akufunika aone bedi la konkire lija ndi chinsanja cha pa Main Street, wina awauze kuti agogo a bambo ako anali pansi apa tauni ino ikumangidwa. Sindikuti akayambe nazo makani pa sukulu, angodziwa.

Kwa inu a Mkonzi pempho langa ndi ili. Madala a Wenela ndi a Theba akutha m'midzimu, amene anakwera ndege zija m'ma 1970 pano ndi a zaka za m'ma 70 ndi 80, ndipo akamatchulidwa m'nyuzi imakhala nkhani ya ndalama zawo zokha, zimene nzofunika ndithu, makamaka pano pamene kuli Tshiamiso Trust yolipira amene anadwala chifuwa cha fumbi la m'migodi ya golide ndi TB. Koma tumizaniko atolankhani akakhale nawo pakhonde awafunse zinanso, anali pa mgodi uti, komboni yake inali yotani, ankagona angati m'chipinda, tauni ankaloledwa kulowamo liti ndipo ankafika misewu iti, ndani anatsala konkuno osabwerera. Mutsegule kakona m'nyuzi yanu koti muzisindikizamo zimenezo ndi zithunzi zawo. Ndipo inu muli kumudzi, tizikalata takale ta agogo, makhadi a ku mgodi okhala ndi nambala, zithunzi zojambulitsa atavala suti, musayatsire moto kapena kukulungira fodya, jambulani ndi foni mutitumizire dzina la mgodi, ambiri mwa malo amenewo ali mmbali mwa Main Reef Road ndipo tekisi imafika, ife kuno tikayang'ana chimene chatsalapo nkukutumizirani chithunzi.

Ndine wanu wowerenga,
Mmisiri wa zomanga
Turffontein, Johannesburg